Mmishoni Amene Anaba Belu

Ndikukumbukira bwino lomwe kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo banja lathu linali litangotha zaka ziwiri mumzinda wa Hamilton, kutsidya kwa nyanja. Bambo anga, a Mbewe, ankagwira ntchito yosamalira okalamba, komanso anali mlembi wa kagulu ka mapemphero ka Amalawi ndi abale athu a ku Zambia. M'nyumba mwathu munali lamulo lakuti kanema wa akuba kapena wa mfuti asalowemo.

Lachitatu lina ndinabwereka kanema ku laibulale. Pachikuto pake panali mwamuna wovala siketi, akuseka, thumba lili paphewa. Anzanga kusukulu anali atandiuza kale kuti ameneyu ndi mbala yoseketsa, choncho chikutocho ndinachibisa m'chikwama. Bambo atandipeza ndi chimbale cha kanemayo chokha, anafunsa za nkhani yake.

"Ndi za munthu wa ku Sikotilandi, adadi," ndinatero.

Ndiyenera kufotokoza pano kuti kwa bambo anga, monganso kwa ambiri a mpingo wathu, Sikotilandi linali dziko la amishoni okhaokha. Anthu a kumeneko ndiwo anamanga tchalitchi ndi sukulu ya kumudzi kwathu. Nkhope ya bambo inawala. Analamula kuti chimbalecho chisungidwe kufikira Loweruka masana, pamene gulu lonse linayenera kusonkhana kwathu. Ndinali ndi masiku atatu oti ndiwaululire zoona, koma sindinatsegule pakamwa.

Loweruka alendo anafika, ena pa sitima kuchokera ku mzinda wa Oshawa. Nsapato zonyowa ndi chipale chofewa zinadzaza pakhomo, ndipo m'nyumba munkanunkhira tiyi ndi mandasi. Bambo anavala tayi. Anaimirira, napemphera, nalengeza kuti tiona ntchito imene Mulungu anagwira kudzera mwa anthu a ku Sikotilandi.

Kanema anayamba ndi mwamuna uja akuthamanga pamadenga a nyumba, nkhosa ili pamsana.

"Kodi abusawa akuthamangiranji?" anafunsa mayi Chisale, amene anali wamkulu wa amayi m'gululo.

"Ndi fanizo la nkhosa yotayika, mayi," bambo anayankha ndi mtima wonse.

Anthu anagwedeza mitu movomereza. Koma posakhalitsa mwamunayo anakwera pansanja ya tchalitchi, namasula belu, nalitsitsira m'ngolo. A Sakala a ku Chipata, amene ankakonda kusereula bambo, anaomba m'manja.

"A Mbewe, taimitsani kaye! Uyu mmishoni wanu ni kawalala! Kapena belu nalo linali lotayika?"

Anthu anafa nacho chiseko, kupatula mayi Chisale. Iwo anafunsa mwaukali kuti ndani anasankha chinthu chotere pa tsiku la mapemphero, ndipo maso a alendo anayamba kundisaka. Bambo anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndikhulupirira kuti anawerenga zonse pankhope yanga.

"Wolakwa ndine," anatero. "Ndinangomva dzina la dziko, sindinafunse zambiri."

Anazimitsa kanema, nayambitsa nyimbo.

Alendo atabalalika, ndinawapeza bambo akutsuka makapu, tayi akadali m'khosi. Ndinapepesa m'Chingerezi, popeza Chichewa changa panthawiyo chinali choperewera. Iwo anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono kuti ndimve liwu lililonse.

"Mawu ako onse anali oona, mwana wanga. Koma unkadziwa chimene ine ndamva, ndipo unandilekerera mpaka ndinavala tayi."

Ndinalira. Sanandimenye, sanandikalipirenso. Anandipatsa kansalu, ndipo tinapukuta makapu onse. Kenaka, maso ali kumbali, anafunsa motsitsa mawu:

"Nanga belu lija analipititsa kuti?"

Tinaonera mbali yotsalayo tili awiri, ndipo bambo anaseka mpaka anavula magalasi kuti apukute misozi. Kuchokera tsiku limenelo a Sakala anayamba kuwatchula kuti "abusa a belu", gulu lonse nalitengera dzinalo. Bambo ankalivomera mosanyinyirika, ndipo sananditchule ngakhale kamodzi.

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo ndikumvetsa kuti bodza silikhala m'mawu okha, limakhalanso m'chimene walola mnzako kukhulupirira iwe ukuona. Ndikumvetsanso chimene bambo anapereka masana amenewo. Kudziko lachilendo, kumene ntchito yawo inali yosambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake, kagulu kaja ndiko kanali malo okhawo amene anthu ankawaimirira akalowa. Pomwepo ndi pamene anavomera kusekedwa kuti mwana wawo asachite manyazi.

Bambo anamwalira akuyankhabe dzina lija. Pa chifukwa ichi ndalemba, kuti onse amene analipo adziwe: dzina limenelo mwini wake ndine.