Tsitsi la aNambewe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kukwaya. Mayi wina amene tinkaimba naye, aNachisale, anali ndi kasaluni kuseri kwa msika wa Mitundu, ndipo ataona mmene ndinamulukira mwana wanga anati ndizibwera. Anandiphunzitsa kugawa tsitsi ndi chipeso chamchira, kuluka mizere yogona, kenako kusokererapo meshi ndi singano yokhota. "Uzikoka ndithu," ankatero. "Zolobodoka sizifika Lamulungu."

Kasitomala amene sindimuiwala ndi aNambewe a ku Nathenje. Anali atawachotsa bere ku Lilongwe chifukwa cha khansa, ndipo anali atayamba kulandira mankhwala a m'dilipi. Iwo ankati ndi amwayi. Amayi awo, pa nthenda yomweyo, anangowatemera mphini ndi kuwamata masamba mpaka anatisiya.

ANambewe anabwera Lachisanu, mawa lake kuli chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. "Mwanawe, undikonze bwino. Akuchimuna asakanene kuti akutenga mkazi panyumba ya matenda."

Ndinawadzoza mafuta n'kulowetsa chipeso. Chinatuluka chodzaza ndi tsitsi. Ndinati kapena ndakoketsa, ndiye ndinayamba ndi zala, pang'onopang'ono. Mzere woyamba ndinauluka mpaka kumapeto, koma pomanga unangozuka n'kutsala m'manja mwanga. Meshi imafuna pogwira, apa panalibe. Ndinayang'ana aNachisale. Iwo anangozimitsa wailesi.

"Wasiyiranji?" anafunsa aNambewe.

Atatembenuka anaona tsitsi lija, analitenga n'kulimanga pansonga ya chitenje.

"Anamwino anandiuzatu kuti mankhwalawa amathothola tsitsi," anatero. "Ine ndimati lidikirako mawa lokha."

Mumtima ndinati, Ambuye, manja munandipatsa, koma lero ndichite nawo chiyani? Wigi musaluni munalibe. Ndinatulutsa duku langa la kutchalitchi m'chikwama, n'kuwamanga mpaka m'makutu, mfundo kumbali. Anadziyang'ana pagalasi kanthawi ndithu.

"Limbitsa, lisakagwe povina."

Anavina, ndinamva, ndipo duku silinagwe. Chaka chisanathe tinakawaperekeza kumanda.

Masiku ano akuti makina owotcha khansa anafika m'dziko muno, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha amayi amene adzawapeze. ANambewe sanawapeze. Ine pano ndili ndi mpando wangawanga, koma munthu akakhalapo ndimayamba ndapisa zala m'tsitsi ndisanagwire chipeso. Ndipo m'kabati simusowa duku lochapa.