Lovaji wa Amalume

Chitini cha mabisiketi chija ndimachikumbukabe, chofiira, chophwanyika pakona. Amalume atatsika nacho minibasi kuchokera ku Lilongwe, kumene ankaphikira azungu, ife ana tinachiyang'ana malovu ali chuchuchu. Atatsegula, munali timapepala topindapinda, m'kati mwake timbewu tonga zitosi za mbewa. Mpaka lero ndikaona chitini chotero m'sitolo, mtima umandiwawa.

"Mlongo wanga, umphawi watha," anatero amalume kuuza amayi. Anati abwana awo akufuna masamba onunkhira othira m'supu, ndipo adzagula onse amene tingalime. Chimene ankafuna ndi dimba la amayi, lija la kudambo kumunsi kwa mudzi wathu pafupi ndi Mayani, limene linkatipatsa mpiru ndi repu nyengo yozizira, kumunda kukakhala kulibe kanthu. Kwathu mwini mbumba akanena, mlongo wake samutsutsa anthu akumva. Amayi anangoti, "Chabwino, achimwene," kenako anakalowa m'khitchini n'kuyamba kumenyanitsa mapoto.

Mbande za mpiru zinazulidwa. M'mabedi onse munalowa chomera chimene amalume ankachitcha lovaji, kupatula kangodya kamodzi ka dhaniya, amene ankamunyoza kuti ndi wa samusa chabe. Othirira tinali ine ndi amayi. Amene sanatungepo madzi ku Dedza m'mamawa mwezi wa Juni, nkhungu itakuta dambo lonse, asandiuze za kuzizira. Zala zinkauma pa chogwirira cha kheni, mapazi ankang'ambika. Amalume ankaima pamalo pouma atavala jekete, akuloza ndi kamtengo: apa mwathira ochepa, apo mwasefukiza. Munthu woti khasu sankaligwira, koma malangizo osatha.

Chomeracho chinakula, ndipo ndicho chinkandipsetsa mtima kwambiri. Mpiru timaunyengerera, nsabwe n'kuudyabe. Lovaji ngakhale mbuzi zinkangonunkhiza n'kutembenuka. Fungo lake linkakakamira m'manja, m'yunifolomu, m'bulangete. Tsiku lina aphunzitsi anaima pa desiki langa, anakoka mphuno, n'kufunsa ngati kwathu tatsegula chipatala. Teremu yonseyo anzanga ankanditcha Supu.

Ndiwo kunyumba zinasanduka nkhani. Mfutso unatha, ndipo amayi, amene kale ankagawira masamba mudzi wonse, anayamba kuyenda ndi kambale m'makomo mwa anzawo. Poona kuti abwana aja sakutulukira, anadula lovaji n'kupita naye kumsika wa Mayani, ine nditasenza. Anamuika milumilu monga amaikira mpiru, ndi basela pamwamba. Palibe anatiuza kuti katsamba kamodzi kamakwanira mphika wonse. Amalume ankadziwa, koma anatsala kunyumba, ati msika wakumudzi si malo awo.

Mayi wina wa ku Kaphuka anagula mulu, anakautendera ndi nsinjiro tsiku limene apongozi ake anabwera kudzacheza. Tsiku lamsika lotsatira anabwera ndi masamba otsala, ataphikanso dala, n'kutula mphika pamaso pa amayi. "Lawani nokha, mayi," anatero, anthu akusonkhana. Amayi anatapa ndi chala, analawa, anameza nkhope yosasintha. Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika. Kuyambira pamenepo ogula ankalambalala malo athu. Dhaniya yekha ndiye anayenda. Mayi wina wachisilamu wa golosale ku Dedza anatenga yense n'kufunsa ngati tili naye wina, koma tikanamutenga kuti, mabedi onse ali lovaji?

Madzulo a tsikulo mapoto sanalire. Amayi anakakhala pansi pafupi ndi mpando wa amalume n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, masamba akhwima. Abwana adikira nthawi yaitali." Amalume anayang'ana nsapato zawo. M'mawa tinadula lovaji wodzaza dengu, amalume anasita malaya, anakakwera minibasi ndi dengulo.

Anabwerako dzuwa litapendeka, dengu lili mbee. "Atenga onse," anatero. "Ayamikira kwambiri." M'manja munalibe sopo, munalibe shuga, ngakhale buledi. Amayi anagwada, analandira dengulo ndi manja awiri n'kuti, "Zikomo, achimwene." Ine nditangotsegula pakamwa kuti ndifunse za shuga, ananditsina pantchafu mpaka misozi inatuluka. M'mawa mwake anazula lovaji yense n'kufesa mpiru, nyengo itapita kale. Amalume anavula jekete, anasenza manyowa kuchokera kukhola mpaka kudambo.

Ndinawakwiyira amayi nthawi yaitali. Zala zanga zinauma, dzina langa linaipa kusukulu, tinadya nsima ndi mchere wokha, iwo n'kumagwadira dengu lopanda kanthu. Kunena zoona, mkwiyowo sunathe wonse ngakhale lero. Koma panthawiyo sindinkadziwa kuti azungu aja anali atabwerera kwawo amalume asanafike kumudzi, kuti ntchito inali itatha ndipo kunalibe bwana wodikira masamba. Amayi anazimva kutchalitchi Lamlungu loyamba amalume atangofika, kwa munthu amene ankagwira ntchito nyumba yoyandikana ndi ya azunguwo. Anathirira nyengo yonse ija akudziwa.