Galafu ya Masheya Inasanduka Matumbo a Mbuzi

Usiku watha ndinalota zonyansa, moti mpaka pano tiyi sakulowa. Kuti mumve bwino: ndili ndi kawebusayiti kanga komwe ndimaikapo mitengo ya masheya ndi magalafu osonyeza kukwera ndi kutsika kwake. Manambala ndimalowetsa ndekha pamanja. Amene amawerenga mokhulupirika ndi munthu mmodzi yekha, apongozi anga aamuna, omwe anagula masheya ndi ndalama za penshoni. Koma masabata atatu apitawa ulesi unandigwira. Ndakhala ndikungosintha deti pamwamba, manambala n'kusiya akale omwewo.

Ndiye m'malotomo ndinatsegula laputopu, n'kupeza webusayiti yasanduka tebulo la m'butchala, magazi akudonthera pa kiyibodi. Mzere wa galafu unali matumbo a mbuzi osatsuka, atakolekedwa pa misomali, apa kukwera apa kutsika. Pokwera ntchentche zobiriwira zinali mbwee, potsika pakuchucha timadzi tofiira. Fungo lake ngati khoswe wofera kudenga. Ine osathawa ayi, ndinatenga kansanza n'kuyamba kupukuta deti lokha kuti liziwala.

Kenako manambala anayamba kuyenda. Nditayang'anitsitsa, zinali mphutsi, zonenepa bwino, iliyonse itapindika ngati nambala. Ndinkazibwezera m'malo mwake ndi chala, zina n'kumaphulika.

Ndiye tinangopezeka tili pakhonde pa apongozi, dzuwa lili paliwombo. Iwo anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, m'manja muli mbale ndi kamchere. Anasamba m'manja n'kuloza matumbo aja.

"Bambo a Tadala, zimenezi ndi zalero?"

"Eya bambo, zalero," ndinayankha nditanjuta.

Anadula pamene panakwera kwambiri paja n'kuyamba kudya. Ankatafuna mwachifatse, mphutsi ikuyenda m'ndevu, iwo akugwedeza mutu kuyamikira. Anaitananso anzawo opuma pantchito kuti adzalawe, amvekere mkamwini wawo ndi wophunzira. Ndinkafuna kukuwa kuti zaola, koma mkamwini sakweza mawu pakhonde pa apongozi, ndiye ndinangowasendezera mchere pafupi. Chibadwire sindinadzinyansepo chonchija.

Kenako anadula kachidutswa n'kukabweretsa pakamwa panga. "Wophika amalawa," anatero. Kanandikhudza mlomo, kozizira, koterera, ndipo ndinadzidzimuka malovu ali tho m'kamwa.

Pafoni ndinapeza uthenga wawo wa m'mawa. Akuti aona pa webusayiti kuti mtengo wakhazikika masabata atatu osagwedezeka, ndiye Lolemba akukagula masheya ena ndi ndalama zimene amasungira malata a nyumba. Mtengo weniweni sindikuudziwa, ndipo ndikuopa n'kukauyang'ana komwe.

Mkazi wanga ndamufotokozera za matumbo zokha, wangoti ndinakhuta kwambiri pogona. Inu odziwa maloto, mundimasulire abale. Matumbo a mbuzi amatanthauza chiyani? Ndipo ngati tanthauzo lake ndi lomwe ndikuliganizali, munthu amayamba ndi mawu ati pouza apongozi ake kuti wakhala akuwadyetsa zoola?