Chimangirizo chimene chinamangitsa bambo aang'ono

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Sitandade 4, pasukulu ina ya ku Katowo. Chitumbuka anali atachichotsa m'kalasi. Chichewa tinkachiphunzira ndi ndodo, koma ine ndinkachikonda chifukwa cha mphunzitsi wake, a Kamwendo a ku Ntcheu.

A Kamwendo analibe nyumba pasukulu. Ankakhala kwa bambo anga aang'ono, a Yotamu, kalipentala amene sanakwatire. Ndikapitako ndinkawapeza akuseka, wina akupala thabwa, wina akuchonga makope. Pakhomopo pankanunkhira mlombwa.

Sabata ina a Kamwendo anapita kumsonkhano ku boma. Ahedi anatiuza kuti kukubwera phungu wa dera lathu, ndiye tilembe chimangirizo cha mbale amene timamukonda, bwanayo akaone kuti nafenso Chichewa tikuchitha. Anasankha changa chifukwa cha kalembedwe koyera. Sanachiwerenge mpaka pansi.

Phunguyo anali mkulu wa mpingo, wa suti yakuda. Mobisa akuluakulu ankamutcha a Yewo, liwu lovomerera m'Chitumbuka, chifukwa ku Nyumba ya Malamulo sanakanepo kanthu. Lamulo lotsekera munthu osamuzenga mlandu, anavomera. Lometa anyamata a tsitsi lalitali, anavomera. Loletsa mabuku, anavomeranso.

Ndinaima patsogolo pake n'kuwerenga: "Bambo anga aang'ono ali pa chibwenzi ndi aphunzitsi a Kamwendo. Amadyera mbale imodzi ndipo safuna mkazi."

Ndinkafuna kunena ubwenzi. Kwa ine mawu awiriwo anali amodzi.

"Bwereza mzere umenewo, mwana iwe," anatero phungu uja.

Ndinabwereza mokweza, monyada.

Patatha masiku atatu inabwera galimoto ya apolisi, masana, anthu akuona. Inatenga onse awiri. Bambo anga anandikwapula mpaka ndodo inathyoka, kenako anandigwira dzanja kupita nane kwa phunguyo. Tinakhala pansi pa fumbi, iye pampando.

"Bwana, mwanayu Chichewa sachidziwa. Walakwitsa liwu," anatero bambo.

"Liwulo ndi lolondola, a Gondwe. Mudzi wonse ukudziwa. Inu nokha mumayang'ana kumbali."

"Ngati mng'ono wanga walakwa, apite kukhoti. Amuweruze tikuona."

"Khoti lachiyani? Masiku ano lamulo silidikira khoti."

"Lamulolo munalivomera ndinu, bwana."

Phungu uja anaseka pang'ono. "Tinavomera tonse, dada. Ndikanakana ndekha, lero bwenzi ndili kuti? Komanso ine ndi mkulu wa mpingo. Ndikawomboleko munthu wotere, Lamulungu ndikaime bwanji kutsogolo?"

Bambo anaimirira osatsanzika. Tinabwerera kwathu.

Bambo aang'ono anabwera patatha zaka zisanu. Palibe anawawerengera mlandu, polowa ngakhale potuluka. Mano akutsogolo analibe. Manja ankanjenjemera, thabwa sanalipalenso. Sanandikalipire. Anangondifunsa kamodzi, ndikuwapatsa madzi: "Mwana wane, kalata ya ku Ntcheu sinabwerepo?" Sinabwerepo. Za a Kamwendo sitinamvenso.

Sukulu ndinasiya chaka chimene anawamangacho. Sindinkafunanso kugwira cholembera.

Ndale za zipani zambiri zitabwera, phungu uja anasintha malaya n'kumayenda m'misonkhano akulalikira za ufulu. Anamwalira ndi ulemu wonse. Pamaliro pake anamutcha mtetezi wa anthu wamba. Ndinalipo. Sindinaimbe.

Ine ndine munthu wa tchalitchi, ndipo sindibisa: zimene ankanena za anthu awiri aja sindinazikonde. Ngati zinali zoona, sindinafunse, ndipo amene akanandiyankha ali m'manda. Koma a Yotamu anali bambo anga. Sanabe, sanamenye munthu. Ngakhale wakuba amamufunsa kuti ukuvomera kapena ukukana. Iwo sanafunsidwe.

Kwa zaka zambiri ndinkati ndinawamangitsa ndine. Ndinakalamba ndi mlandu umenewo pamtima. Tsopano ndaukana. Ana amalakwitsa mawu tsiku lililonse, mphunzitsi amangodula ndi inki yofiira, nkhani n'kutha. Kuti liwu la mwana litsekere munthu zaka zisanu, pamafunika munthu wamkulu, wophunzira, wodziwa bwino Chichewa ndi Chingerezi, amene anawerenga lamulo, n'kulimvetsa, n'kunena kuti inde. Ameneyo sanalakwitse liwu.