Siketi Yofiira pa Chiliza cha Yamikani

Ndinaganiza zochoka ku Ndirande nditaona kuti satifiketi yanga ya unamwino ikungodyedwa ndi mphemvu. Ndinapita ku Dublin kukasamalira okalamba. Ntchito inali mbwee, koma pogona panali pa nkhondo. Ku Santry, dera lina la mzindawo, ndinapeza chipinda chogawana ndi mayi wina wa ku Thailand, dzina lake Noi, iye bedi la pansi, ine la pamwamba ngati ana a sukulu yogonera konko.

Ine sindikhulupirira munthu msanga. Sutikesi yanga inali ndi maloko awiri, ndipo botolo la mkaka mu furiji ndinkalilemba mzere. Noi ankangoona zonsezi, ine n'kumati ameneyu akundiwerenga.

Chaka chachitatu mchimwene wanga Yamikani anamwalira mwadzidzidzi. Mapepala anga ondilola kukhala m'dzikomo anali asanatuluke, choncho maliro ndinawaonera pa foni ndili m'basi. Zinandipweteka koopsa, ndipo ndinalibe woti ndilire naye. Ndinatumiza ndalama za bokosi, kenako ntchito itachuluka, za njerwa ndi malata a nyumba ya mayi.

Mwini nyumba ya ku Santry ija atatiuza kuti akuigulitsa, Noi ananditsanzika ndi siketi ya silika yofiira, yowomba mayi ake pamanja. Anati utoto wake umachokera ku tizilombo tomata pa nthambi za mitengo, amatipala, kutisinja, n'kutiviika m'madzi otentha. Ndinaitembenuza uku ndi uku kufuna pobooka. Ndinadikira kuti apemphe kanthu, koma sanapemphe.

Ndinabwera kumudzi patapita zaka zisanu chichokereni, kudzamanga chiliza cha Yamikani. Ndinavala siketi ija chifukwa inali chovala changa chabwino kuposa zonse, osaganiza kuti zofiira kumanda anthu aziona bwanji. Azakhali atandifunsa za siketiyo, pakamwa panga panandipereka.

"Utoto wake ndi wa tizilombo, azakhali. Amachita kupha tambirimbiri."

Palibe anaseka. M'mawa mwake ndinapeza mlamu wanga, mkazi wa malemu, ataviika siketi ija m'beseni la madzi otentha ndi sopo wa ufa. Madzi anali psuu, azimayi atazungulira, manja m'chiuno. Mayi anandiitanira m'nyumba, natseka chitseko.

"Mwana wanga, usandinamize. Nyumba ino yamangidwa ndi chiyani?"

"Ndi ma shift, amayi. Kusambitsa azungu okalamba."

"Nanga bwanji zako zinayamba kuyenda Yamikani atangopita? Bwanji sunabwere kudzamuika?"

Zaka zonsezo ine ndinkalondera sutikesi, osadziwa kuti kwathu akundilondera ine, akugona m'nyumba imene ankakhulupirira kuti ndinaigula ndi moyo wa mchimwene wanga.

Ndinatuluka, n'kufinya siketi ija, n'kuiyanika. Mpaka tsiku limene ndinanyamuka, palibe anayanikanso chovala chake pa chingwe chimenecho.