Mashoki ofewa

Bhaki ija sinali yanga. Inali galimoto ya amalume, ndipo ntchito yake inali kukoka tirela ya njerwa kuchokera ku Kya Sand, ku Joni. Mashoki akumbuyo atatha, anandituma ku Doornfontein.

"Ukagule olimba, mphwanga. Wamva? Olimba!"

Wogulitsa anayala mitundu iwiri pakauntala. Awa ndi a katundu, anatero, koma ofewawa galimoto imayenda ngati wagona pamatiresi. Pomwepo maganizo anandithawa. Ndinadziona ndikuyendetsa bhakiyo mumsewu wafumbi wa kwathu ku Ntcheu, dzuwa likupendeka, amayi atakhala kutsogolo ndi duku latsopano, akusinza osamva bampu ngakhale limodzi. Ndinaloza ofewawo.

Titaika mashokiwo n'kumangirira tirela, bhaki inayamba kuvina. Bampu limodzi inkagwada katatu, njerwa zikuguguda kumbuyo. Amalume anaimika pambali pa msewu n'kundiyang'ana.

"Olimba anali atatha," ndinatero, maso ali pansapato.

Anandikhulupirira. Anatukwana wogulitsa wosalakwa uja ulendo wonse, ine n'kumawathandiza.

Amayi mpaka lero sanaikwerepo bhakiyo. Kumudzi ndimapita pabasi.