Chilimwe Chimene Ndinalondera Amayi

Tsiku limene tinawamanga amayi pamtengo wa mango tinalipo anthu asanu, osawerengera iwo eni ake. Panali amalume a Muhiwa, eni mbumba, amene anabwera ndi chingwe cha khonje chomangira mbuzi. Panali mayi aang'ono a Esinati, atabereka mlongo wanga Felesiya, yemwe anali akadayamwa. Panali a Nampinga, asing'anga a kuseri kwa Michesi, ndi thumba lawo lonunkha utsi. Wachisanu ndinali ine Wedisoni, wa zaka zisanu ndi zinayi, kaya khumi, paja masiku amenewo palibe ankalemba. Bambo kunalibe, anali ku minda ya tiyi ku Mulanje.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma funsani pa Chiringa ponse za Wedisoni. Ndikaimirira pamaliro anthu safuna chimkuzamawu. Tsono izi ndikulembazi, ngakhale zilembo zikhote, ndinaziona ndi maso angawa.

Chinali chilimwe, chija dothi limaotcha mapazi mpaka mwana amayenda modumpha. Nandolo anali atabereka kwadzaoneni. Wouma ankathetheka m'minda masana ngati munthu akuthyola timitengo, ndipo wamuwisi ankamuwiritsa ndi makoko ake omwe, amene kwathu timati makata. Mudzi wonse unkanunkhira makata. Ana tinkayenda tikupsopsona makoko, madzi amchere akuyenderera mpaka m'zigongono.

Koma amayi anali atayamba kale kudwala nandoloyo asanakhwime. Wa chaka chinacho anafumbwa yense, ndiye kwa miyezi yambiri ndiwo zikapezeka ankatipatsa ife, iwo n'kumangosinkha nsima yopanda ndiwo, kwinaku mwana ali kubere. Kunja kwa manja awo kunada n'kuyamba kusendeka ngati khungwa la bulugamu. M'khosi munazungulira chilonda chakuda ngati avala mkanda. Lilime linafiira psuu, ndipo ankathamangira kuthengo kangapo patsiku. Kenako mutu unatsatira. Ankacheza ndi anthu amene tinaika kalekale. Tsiku lina anapita kumtsinje ndi Felesiya kumsana, n'kubwera ndi mtsuko wokha. Mwanayo anamutola ndi mayi aang'ono ali gone pamwala, nyerere zitamuyamba.

A Nampinga atafunsa zimene amayi anadya, mayi aang'ono anakumbuka kalongonda wa pamaliro ku Jenala. Kalongonda ndi nyemba yathu ife Alomwe. Imafuna kuiphika tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, ukafulumira imazunguza mutu. Asing'anga aja anaomba m'manja kamodzi.

"Basi, ndi yomweyo. Mayiyu asalawenso chilichonse chotuluka m'khoko. Nandolo ayi, khobwe ayi, nsinjiro ayi. Phala la ufa woyera lokha, mpaka mutu ubwerere."

Amalume anamanga chingwe m'mwendo mwa mlongo wawo, anadula nthyole ya bwemba n'kundipatsa ine.

"Iwe ndiwe mwamuna wa pakhomo pano. Akangotola kanthu, menya dzanja. Ukawamvera chisoni wawapha."

Ee, ndinanyada. Ndisaname. Anzanga ankaweta mbuzi, ine ndinkaweta munthu wamkulu. M'mawa uliwonse mayi aang'ono ankabwera ndi phala loyera mbee, la chimanga chokonola bwino, chonyika masiku atatu, chakudya chaulemu chopatsa mlendo. Amayi ankamwa pang'ono, n'kutembenuzira mphuno kumene kunkachokera fungo la makata. Mthunzi wa mango ukasuntha masana, chingwe sichinkafika, ndiye ankakhala padzuwa, zilonda zija zikung'ambika. Pansi pamtengo pankanunkha mkodzo ndi mango owola, ntchentche zili ng'waa.

Anzanga anazolowera kubwera kudzaonerera. Tinatulukira masewera athu. Ndinkadya makata pamaso pa amayi, n'kuponya khoko lodzaza pamene chingwe chathera, patsogolo pang'ono. Amayi ankakwawa, chingwe n'kukungika, iwo n'kugona chafufumimba akutambasula zala, khoko lili apo. Ife kuseka mpaka kugwa pansi. Ine ndiye ndinkaseka kwambiri, paja mawu akuluwa ndinabadwa nawo.

Tsiku lina kamvulumvulu anagwetsa nandolo amene anayanikidwa padenga la khitchini, n'kumumwaza mpaka pansi pa mango. Pamene ndinkatembenuka, amayi anali atafumbata dzanja lodzaza. Ndinamenya. Sanatsegule. Ndinamenyanso, khungu louma lija linang'ambika, magazi n'kudontha pafumbi. Pamenepo anakweza maso, ndipo maso ake sanali a wamisala. Anali a amayi, omwe aja ankandichotsa matekenya ndi minga.

"Wedi, mwana wanga, kamodzi kokha. M'thupi mwangamu mukufuna."

Ndinawafumbatula chala chimodzichimodzi, n'kutola nandolo yense, ngakhale wamagazi, kukataya kudzala. Madzulo amalume anandisisita pamutu pamaso pa anthu, anati ndili ndi mtima wa mkango. Anandipatsa mutu wa nkhuku. Amayi anamwalira mvula yoyamba isanagwe, atangotsala mafupa, osadziwanso dzina la munthu aliyense. Tonse tinati kalongonda uja anali waukali.

Nkhani imeneyi ndinainena zaka zonse, pamowa, pabawo, ngakhale pamaso pa zidzukulu. Ndinkati ana a masiku ano ndi ofewa, ine ndinalondera mayi anga ndili ka msinkhu aka, osaphethira.

Chaka cha njala, matipate atabwera kale, ndinapita kuchipatala kumene amagwira ntchito mwana wanga Fanuweli, mlangizi wa zaumoyo, kuti andione mawondo. Pamzere panali mayi wina wachitsikana, achibale atamugwira uku ndi uku, akulankhula yekha. Nditaona m'khosi mwake ndinaima. Mkanda wakuda uja. Manja osendeka aja.

"Mum'mange ameneyo!" ndinakuwa, chipatala chonse chinatembenuka. "Ndimaidziwa misala imeneyi ine. Osam'patsa nyemba!"

Fanuweli anandigwira pamkono n'kundikhazika pabenchi. Patatha milungu itatu anabwera kwathu ndi njinga, anandikweza mpaka pamsika wa Migowi, n'kundiimika pamaso pa mayi wogulitsa matimati. Anali yemwe uja. Anandipatsa moni mwaulemu, anandiikira ndi basera. M'khosi munangotsala chipsera.

Pobwerera tinakankha njinga wapansi. Fanuweli anati matenda amenewo amagwira munthu wodya chimanga chokhachokha, makamaka choyera chokonola. Amayamba ndi khungu, amalowa m'mimba, kenako amakwera kumutu. Anati mayi uja achipatala anangom'patsa timapiritsi, n'kuuza abale kuti azim'dyetsa nandolo, nsinjiro ndi usipa. Ndinafunsa za kalongonda. Anati akakhala wosapsa amazunguza mutu ndithu, koma sasenda khungu la munthu miyezi yonse ija.

Ndili mwana ndinkadziwa kuti mutu wa amayi ndi umene unkawononga thupi lawo, ndipo ntchito yanga inali kukana zimene mutuwo ukupempha. Pamsewu uja, ndili ndi imvi, ndinamva kuti thupi ndi limene linali ndi njala, ndipo pa zonse zimene ankalankhula chilimwe chija, pempho lija ndi lokhalo linali lanzeru. Ndinafuna kukweza mawu, kunena kuti ndinali mwana, anandituma ndi akuluakulu. Koma ndinangopitiriza kuyenda pambuyo pa njinga.

Titafika pakhomo, Fanuweli anatsamiritsa njinga pakhoma, osandiyang'ana.

"Bambo, sindikukuimbani mlandu. Koma nkhani ya agogo ija musadzainenenso pamaso pa ana anga. Mumainena mukuseka."